Giulio Regondi, Katswiri wa Gitala ndi Konsatina ku London

Pakati pa oimba amene anatchuka ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800, ndi ochepa amene mbiri yawo inadalira kwambiri kukwera ndi kutsika kwa zida zawo zoimbira monga inachitira ya Giulio Regondi, katswiri wa gitala ndi konsatina amene anakhala mumzinda wa London kwa zaka zoposa makumi anayi mpaka imfa yake m'chaka cha 1872. Pamene anali moyo, anthu a ku England ankamudziwa makamaka chifukwa cha konsatina, chida chimene chinali chitangopangidwa kumene, ndipo iye ndiye anali woyamba kuonetsa zonse zimene chikanatha kuchita. Koma lero dzina lake limamveka kwambiri pakati pa oimba gitala, ngakhale kuti nyimbo zikuluzikulu za gitala zimene anasindikiza ali moyo zinali zisanu zokha. Gwero la kutembenuka kumeneku lili m'mbiri ya zida ziwirizo, popeza china chinatsika ulemu iye atangomwalira, pamene chinzake, chimene chinali chitayamba kunyozeka m'masiku ake, chinadzakweranso patapita zaka zambiri.

Mabuku akale amasiyana pa za chaka ndi malo amene Regondi anabadwira, ena akuti 1822 ndipo ena 1823, ena akutchula Geneva ndipo ena Lyon, koma amagwirizana pa mfundo yakuti mayi ake anali ochokera ku Germany ndipo analeredwa ndi Mtaliyana wina wotchedwa Giuseppe Regondi, amene ankadzitcha bambo ake. Munthu ameneyu, yemwe nayenso anali woimba, anazindikira msanga kuti mwanayo ali ndi mphatso yoti nkupezerapo ndalama, ndipo nkhani zimene zinalembedwa Regondi atamwalira zimafotokoza kuti ankamukakamiza kuyeserera gitala maola asanu tsiku lililonse atamutsekera m'chipinda. Imeneyi inali nthawi imene ana aluso lodabwitsa anali malonda enieni ku Ulaya: makolo kapena owayang'anira ankayenda nawo mzinda ndi mzinda, kuwaveka zovala zokongola, ndi kuwaimika pamaso pa mafumu ndi anthu olemera amene ankalipira kuti aone chozizwitsacho. Regondi anali wamng'ono msinkhu kotero kuti nthawi zina mpando wake unkaikidwa pamwamba pa tebulo kapena pa piyano kuti anthu okhala kumbuyo amuone.

Pofika chaka cha 1830 mwanayo anali atamveka kale ku Paris, umene unali mzinda waukulu wa gitala pa nthawiyo, chifukwa akatswiri monga Fernando Sor, Ferdinando Carulli ndi Matteo Carcassi ankakhala ndi kuphunzitsa kumeneko. Umboni wodalirika wa luso lake pa msinkhu umenewo ndi wakuti Sor, amene anali wopeka nyimbo wolemekezeka koposa pakati pa oimba gitala a m'badwo wake ndiponso munthu wosatamanda wamba, anapereka kwa iye nyimbo yake yotchedwa Souvenir d'amitié, imene ili nambala 46 pa mndandanda wa nyimbo zake. Mwambo wolemba dzina la munthu pamwamba pa nyimbo yosindikizidwa unali ulemu waukulu, umene kawirikawiri unkapita kwa mabwana othandiza woimbayo kapena kwa akatswiri anzake, ndipo apa unapita kwa mwana wosakwana zaka khumi.

M'chaka cha 1831 Giuseppe anafika naye ku London, chaka chomwecho chimene Niccolò Paganini, katswiri wa vayolini wa ku Italy, anagwedeza mzindawo ndi makonsati ake, ndipo olemba nkhani sanachedwe kuyamba kumutcha mwanayo Paganini wamng'ono. Gitala inali idakali m'fasho ku England: Sor anali atakhalako kuyambira 1815 mpaka 1823, ndipo kuyambira 1833 mpaka 1835 ku London kunkatuluka magazini ya oimba gitala yotchedwa The Giulianiad, dzina lochokera kwa Mauro Giuliani, katswiri wa ku Italy amene anamwalira mu 1829. Komabe chikoka chimenechi chinali chikupita kumapeto. Gitala ya nthawiyo inali yaing'ono thupi kuposa ya lero, nsambo zake zinali za matumbo a nkhosa ndi za ulusi wa silika wokulungidwa ndi waya, ndipo mawu ake ankamveka bwino m'chipinda chochezera koma ankamira m'maholo aakulu amene anayamba kumangidwa kaamba ka kuchuluka kwa anthu ogula matikiti. Pa nthawi yomweyo piyano inkakula mphamvu chaka ndi chaka, ndipo inalanda malo a gitala m'nyumba za mabanja opeza bwino. Oimba gitala amene anatsala, monga Napoléon Coste ku Paris ndi Johann Kaspar Mertz ku Vienna, anali akatswiri enieni, koma ankaimbira anthu amene chiwerengero chawo chinkacheperachepera.

Cha pakati pa zaka za m'ma 1830 Giuseppe anamuthawa mnyamatayo atatenga ndalama zonse zimene anapeza m'makonsati. Nkhani imene inafala iye atamwalira imati anamupatsa mapaundi asanu ndi kumutumiza ku Brighton kuti akakonzekere konsati, ndipo mnyamatayo atadikira kwa nthawi yaitali anazindikira kuti wasiyidwa yekha. Mabanja ena a ku England anamutenga ndi kumusamala, ndipo kuchokera pamenepo England anakhala kwawo. Ana ambiri odabwitsa a nthawi imeneyo ankazimiririka akangokula, popeza chimene chinkakopa anthu chinali ubwana wawo. Regondi anapulumuka ku tsoka limeneli chifukwa pa nthawi yomwe ankataya womuyang'anira anali atagwira kale chida chachiwiri.

Chida chimenechi chinali konsatina ya mtundu wa Chingelezi, imene anaipanga Charles Wheatstone, katswiri wa sayansi amene anabadwa mu 1802 ndi kumwalira mu 1875, yemwe amadziwika kwambiri chifukwa cha ntchito yake pa telegalafu, makina otumizira uthenga pa waya wamagetsi. Wheatstone anachokera m'banja lopanga ndi kugulitsa zida zoimbira, limene linali ndi sitolo mu Conduit Street ku London, ndipo mu 1829 analembetsa kuboma kachida kouzira ndi pakamwa kotchedwa symphonium, kamene konsatina inaphukirapo pamene mpweya wa m'kamwa unalowedwa m'malo ndi mvukuto. Konsatina ndi kabokosi kogwira m'manja kokhala ndi mbali ziwiri zamatabwa, iliyonse ya ngodya zisanu ndi imodzi, zolumikizidwa ndi mvukuto wachikopa wopindikapindika umene woimba amaukoka ndi kuukankha. M'kati mwa mbali iliyonse muli timalilime tachitsulo, tofanana pang'ono ndi ta kalimba, kusiyana kwake kuli kwakuti iti timanjenjemera ndi mpweya pamene ta kalimba timalira pokhudzidwa ndi chala. Woimba akadina batani, kachitseko kamatseguka, mpweya umadutsa pa kalilime kamodzi, ndipo liwu limatuluka.

Kakonzedwe ka mabatani ndi kamene kanapangitsa kuti konsatina ya Wheatstone iyenere nyimbo za m'makonsati. Yodziwika kwambiri inali ndi mabatani 48, makumi awiri ndi anayi mbali iliyonse, ndipo maliwu ake ankayambira pamene vayolini imayambira ndi kukwera pafupifupi mpaka pamene vayolini imafika. Batani lililonse limatulutsa liwu limodzimodzi kaya mvukuto ukukokedwa kaya ukukankhidwa, zimene zimalola woimba kutalikitsa mzere wa nyimbo popanda kudukiza. Maliwu otsatizana anagawidwa mosinthanasinthana pakati pa manja awiri, loyamba kudzanja lina, lachiwiri kudzanja linzake, kotero kuti nyimbo zothamanga zimatheka mosavuta chifukwa dzanja limodzi limakonzeka pamene linalo likudina. Koma kagawidwe komweko kamavutitsa woimba amene akufuna kutsogolera nyimbo ndi kuiperekeza pa nthawi imodzi, pakuti palibe dzanja la mawu apamwamba ndi dzanja la mawu apansi monga zilili pa piyano, ndipo liwu lililonse la nyimbo ndi la operekeza omwe liyenera kufunidwa pakati pa zala zomwezo. Apa ndi pamene maphunziro a gitala anamuthandiza Regondi, chifukwa woimba gitala amazolowera kuyambira pachiyambi kuyendetsa mizere iwiri kapena itatu ya nyimbo ndi zala zochepa pa malo opanikizika.

Regondi anayamba kuimba konsatina pagulu cha m'ma 1834, ndipo pa ulendo wake wa ku Ireland wa 1834 ndi 1835 ankasinthanitsa zida ziwirizo m'konsati imodzi. Popeza chida chatsopano chinalibe nyimbo zakezake, iye anabwereka za vayolini, monga za Louis Spohr ndi Charles de Bériot, ndipo anayamba kupeka zake. Ulendo umene unakhazikitsa dzina lake kunja kwa England unali wa 1840 ndi 1841, pamene anayenda ndi Joseph Lidel, woimba cello, imene ndi vayolini yaikulu yoimbidwa itaimikidwa pakati pa miyendo, ndipo anaimba m'mizinda monga Frankfurt, Vienna, Prague ndi Leipzig. Manyuzipepala a Chijeremani, posadziwa chidacho, ankachitcha melophone, limene linali dzina la chida china cha ku France. Ku Vienna anapeza gitala ya nsambo zisanu ndi zitatu ya kwa Stauffer, banja lotchuka lopanga magitala mumzindawo, yokhala ndi nsambo ziwiri zowonjezera za mawu apansi. Pa 31 Marichi 1841 iye ndi Lidel anaimba m'holo ya Gewandhaus ku Leipzig pa konsati ya Clara Schumann, yomwe inalinso konsati imene simfone yoyamba ya Robert Schumann inamveka koyamba motsogozedwa ndi Felix Mendelssohn. Simfone ndi nyimbo yaitali ya zigawo zingapo yoimbidwa ndi gulu lalikulu la zida. Mabuku a mbiri amakumbukira tsikulo chifukwa cha Schumann, koma kupezeka kwa dzina la Regondi pa ndondomeko yake kukusonyeza mulingo umene anzake ankamuikapo.

Atabwerera ku London anakhazikika m'moyo wa woimba wodzidalira wa nthawi ya Mfumukazi Victoria, umene unali wophunzitsa ana a mabanja olemera, kuimba m'nyumba za mabwana ndi m'makonsati a anzake, ndi kukonza konsati yakeyake m'nyengo imene anthu apamwamba ankakhala mumzinda. Mu 1844, chaka chimene Wheatstone analembetsa kuboma konsatina yokonzedwa bwino, Regondi pamodzi ndi Richard Blagrove, George Case ndi Alfred Sedgwick anapanga gulu la oimba konsatina anayi, ndipo chaka chomwecho anatulutsa buku lophunzitsira lotchedwa Rudimenti del Concertinista, limene linatsatidwa mu 1857 ndi lina lotchedwa New Method for the Concertina. Anapeka makoncheto awiri, kutanthauza nyimbo zimene chida chimodzi chimatsogolera ndipo gulu lalikulu limaperekeza, komanso nyimbo zina zambiri monga Les Oiseaux, imene imatsanzira kulira kwa mbalame, ndi nyimbo zochuluka zomangidwa pa zisudzo zoimba zimene zinali zotchuka pa nthawiyo. Bernhard Molique, katswiri wa vayolini wa ku Germany amene ankakhala ku London, anamupekera koncheto ya konsatina kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1850, ndipo George Macfarren naye analembera chidacho nyimbo zingapo.

Kuti kutchuka kwa konsatina kumveke bwino, m'pofunika kudziwa amene ankaigula. Mabuku a malonda a kampani ya Wheatstone, amene amasungidwa ku Horniman Museum ku London, akuonetsa kuti ogula oyambirira ambiri anali a m'mabanja achifumu ndi olemera, ndipo pakati pawo panali amayi ndi atsikana ochuluka. Chifukwa chake chinali cha mwambo: kufikira cha m'ma 1870 anthu apamwamba a ku England ankaona kuti n'kosayenera kuti mkazi aimbe vayolini kapena chitoliro, pamene konsatina inkaimbidwa munthu atakhala mwaulemu, nkhope yosakwinyika, ndipo inkatha kuimba nyimbo zonse za vayolini. Motero chidacho chinapeza msika pa zifukwa zimene sizinali za nyimbo zokha, ndipo msika wotere umatha mwambo ukangosintha. Ngakhale pa nthawi imene Regondi anali pachimake, olemba nkhani za nyimbo ena ankatamanda woimbayo uku akudandaula kuti luso lotere likuthera pa zida zimene iwo ankaziona kuti n'zosakwanira.

Gitala sanaisiye, ngakhale ankaiimba pagulu mwa apo ndi apo. Mu 1864 kampani ya André ya ku Offenbach m'dziko la Germany inasindikiza nyimbo zake zisanu, zokhala ndi manambala 19 mpaka 23: Rêverie, Fête villageoise, ziwiri zotchedwa Air varié, ndi Introduction et Caprice. Nyimbo zimenezi n'zosiyana kwambiri ndi za m'badwo wa Sor ndi Giuliani, umene unkatsatira kapekedwe koyera ndi kolongosoka ka Haydn ndi Mozart. Regondi anatengera chitsanzo kwa oimba piyano a m'masiku ake, makamaka Sigismond Thalberg, amene ankadziwika ndi luso loika nyimbo pakati ndi kuizinga ndi maliwu othamanga pamwamba ndi pansi mpaka womvera ankaganiza kuti pali manja atatu. Pa gitala zimenezi zimafuna kutambasula zala za kumanzere mopitirira muyezo ndi kulowa m'makiyi amene oimba gitala ankawapewa. Kiyi ndi banja la maliwu limene nyimbo imamangidwapo, ndipo gitala ili ndi makiyi ake ochepa omasuka mmene nsambo zosadinidwa zimathandiza, pamene m'makiyi ena liwu lililonse liyenera kudinidwa ndi chala. Rêverie ili ndi chigawo chachitali cha tremolo, luso limene zala zitatu za kumanja zimamenya nsambo imodzi motsatizana mofulumira kotero kuti liwu limamveka ngati losaduka, pamene chala chachikulu chikuyendetsa mawu apansi. Anthu ambiri amalumikiza luso limeneli ndi Recuerdos de la Alhambra ya Francisco Tárrega, koma nyimbo ya Regondi inasindikizidwa zaka zoposa makumi atatu iyo isanapekedwe. Mwa zisanuzo, Introduction et Caprice ndi imene ili yolimba kwambiri m'kamangidwe, pamene ma Air varié awiriwo, amene amatenga nyimbo imodzi ndi kuibwereza m'maonekedwe osiyanasiyana, ali ndi malo ena amene kuonetsa luso kumapambana nyimbo yeniyeniyo, monga zinalili ndi nyimbo zambiri za m'makonsati a nthawiyo.

Regondi anamwalira ku London pa 6 Meyi 1872 atadwala khansa kwa nthawi yaitali, ali ndi zaka pafupifupi makumi asanu, ndipo anaikidwa m'manda a Akatolika a St Mary's ku Kensal Green. Chaka chomwecho inasindikizidwa Remembrance, nyimbo ya konsatina ya mawu apansi yoimbidwa popanda woperekeza, imene ili m'gulu la zovuta koposa zimene zinalembedwerapo chidacho. Pa nthawiyi nthaka imene konsatina inaimapo inali itayamba kale kugumuka. Chilolezo chimene chinkateteza Wheatstone kwa opikisana naye chinatha mu 1858, ndipo opanga ena, monga Louis Lachenal amene poyamba ankagwira ntchito kwa iye, anayamba kutulutsa makonsatina ambiri pa mtengo wotsika. Kuchokera ku Germany kunabweranso mtundu wina, wochokera pa chida chimene Carl Friedrich Uhlig anapanga ku Chemnitz mu 1834, umene batani lililonse limatulutsa maliwu awiri, lina pokoka lina pokankha, ndipo unali wotchipa ndi wosavuta kuphunzira. Konsatina inafalikira m'misewu, m'zombo, m'malo achisangalalo a anthu wamba ndi m'misonkhano ya Salvation Army, ndipo mabanja apamwamba, poona kuti chida chawo chafika m'manja mwa antchito awo, anachisiya, pa nthawi yomwenso atsikana awo analoledwa kugwira vayolini. Mtundu wa ku Germany umenewu, pamodzi ndi wina wofanana nawo umene Angelezi anapanga poutsanzira, ndi umene unafika ku South Africa ndi kulowa m'nyimbo za Mabunu, Azulu ndi Asutu. Choncho konsatina imene inkamveka m'madera a migodi kumeneko inali m'bale chabe wa imene Regondi ankaimba. Blagrove anapitiriza kuimba m'makonsati mpaka chakumapeto kwa moyo wake mu 1895, koma sipanapezeke wopeka nyimbo wamkulu amene anapitiriza ntchito imene Molique ndi Macfarren anayamba.

Kumbali ya gitala, kuiwalika kwake kunali ndi chifukwa china. Pamene chidacho chinayamba kukweranso, chinakwera kuchokera ku Spain, ndi magitala aakulu a Antonio de Torres, ndi ophunzira a Tárrega, ndipo pambuyo pake ndi Andrés Segovia, amene anakonda kuimba Sor, nyimbo za Bach zosamutsidwira pa gitala, ndi nyimbo zatsopano zimene iye mwini ankapempha kwa opeka a m'nthawi yake. M'mbiri ya gitala imene inaphunzitsidwa kwa zaka zambiri, nyengo ya pakati pa imfa ya Sor mu 1839 ndi kutchuka kwa Tárrega inkaoneka ngati yopanda kanthu, ndipo Regondi anangotsala ngati dzina m'buku la Philip Bone la 1914 lofotokoza za oimba gitala ndi mandolini. Kusintha kunayamba mu 1981, pamene Simon Wynberg anasindikizanso nyimbo zisanu zija, ndipo oimba anazindikira kuti panali kapekedwe ka gitala ka nthawi ya Chopin ndi Liszt kamene sankakadziwa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 wofufuza Matanya Ophee anapeza ku Moscow mpukutu wolembedwa pamanja wa maetude khumi a Regondi, amene sanasindikizidwepo onse pamodzi iye ali moyo, ndipo anawatulutsa mu 1990. Etude ndi nyimbo yopekedwa kuti iphunzitse luso linalake la zala, koma awa, monga a Chopin pa piyano, ndi oyenera kuimbidwa pa konsati, ndipo ambiri amawaona kuti ndi ntchito yake yopambana. Mpukutuwo unasungika ku Russia chifukwa oimba gitala a kumeneko anapitiriza kukopera nyimbo pamanja ndi kupatsirana pa nthawi imene ku England kunalibe wozifuna. Pambuyo pake nyimbo zina zinapezekanso m'zosungidwa zakale, kuphatikizapo imene anaimanga pa chisudzo choimba cha Mozart chotchedwa Don Giovanni potsatira Thalberg.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kampani ya Bridge Records inatulutsa zimbale ziwiri zotchedwa The Great Regondi, mmene David Starobin anaimba nyimbo za gitala ndipo Douglas Rogers anaimba za konsatina, kotero kuti omvera anatha kuyerekeza mbali ziwiri za ntchito yake, ndipo mu 1996 Allan Atlas anatulutsa buku lofotokoza mbiri ya konsatina ya Wheatstone m'nthawi ya Victoria. Kuyambira pamenepo maetude aja ndi Introduction et Caprice zakhala zikuphunzitsidwa m'masukulu a nyimbo ndi kuimbidwa m'mipikisano ya gitala m'mayiko ambiri. Nyimbo zake za konsatina, zimene n'zochuluka kwambiri kuposa za gitala, zimaimbidwa ndi anthu owerengeka, chifukwa oimba konsatina ya Chingelezi a masiku ano ambiri amaigwiritsa ntchito pa nyimbo zachikhalidwe za ku Britain, ndipo ndi ochepa amene anaphunzira luso la zala ndi la mvukuto limene Remembrance kapena Les Oiseaux zimafuna.